Yankho kwa asuweni pa nkhani ya bandulo

Asuweni, ndamva funso lanu lakuti ndi bandulo iti ya intaneti imene imakhalitsa, koma ndikuona kuti chimene chikukuvutani si bandulo ayi. Uthenga wanuwo unafika pakati pa usiku, pamene inu kwa agogo munkayamba kuodzera nkhuku zisanalowe m'khola.

Mukuikumbukira wailesi ya amalume, ija ankaifunditsa nsalu? Ankaitsegula nthawi ya Nkhani za m'maboma, tonse tili chete pakhonde, ndipo pulogalamuyo ikangotha ankatseka, n'kuchotsa mabatire kuti mawa lake awayanike padzuwa. Ngakhale chaka chija cha mlandu wa munda, pamene alendo ankadzaza bwalo lonse n'kumawapempha kuti aisiye ilire pang'ono, iwo ankangoyankha kuti zatha, n'kuinyamula kulowa nayo m'nyumba. Azakhali ankati ndi kuuma manja... kapena ndinene kuti tonse tinkatero. Komatu chimene chinkawathandiza n'chakuti pulogalamuyo inali ndi mathero, ndipo woulutsa ankachita kutsanzika.

Facebook ndi TikTok satsanzika, ndipo anazikonza choncho mwadala. Njira yakuti tsamba lizingopitirira munthu akamatsetsereza chala anaiyambitsa katswiri wina wa zamakompyuta, Aza Raskin, mu 2006, ndipo iye mwini pambuyo pake ananena poyera kuti akudandaula nayo. Vidiyo imayamba yokha musanasankhe, kanambala kofiira kamakuitanani kuti mubwerere, ndiponso simudziwa ngati chotsatiracho chikhala chosangalatsa kapena ayi, n'chifukwa chake chala chimafuna kuyesanso kamodzi. Makampaniwa amapeza ndalama kudzera mu malonda amene amakuonetsani, choncho mukakhalitsa pamenepo iwo ndiye amapindula.

Tsono chimene ndikunena n'chakuti musadziyese munthu wofooka, chifukwa malo amene mukanaimira anachita kuwachotsa. Eya... ndibwereze bwino kuti mundimve: vuto si mtima wanu, koma kuti chinthucho chilibe polekezera, ndipo polekezerapo muyenera kupaika nokha. Mukagula bandulo yaikulu musanaike malirewo, idzathanso chimodzimodzi, ndipo tulo tidzachepa kuposa panopa.

Lowani mu ma settings a Facebook muletse mavidiyo kuyamba okha, pakuti amenewo ndiwo amadya data kwambiri. Mutsekenso mauthenga okudziwitsani onse kupatula a gulu lathu lino, ndipo usiku foniyo muziitchajira pabalaza osati kuchipinda. Mukayesa zimenezi sabata ino, mundiimbire Lamlungu tikambirane za bandulo ija.