Mmene makoleji a ku America amachenjezera ophunzira pakagwa choopsa

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu amene akupita kukaphunzira ku America azikadziwitsidwa pakachitika choopsa pasukulu pake. Azikadziwitsidwa ndithu, chifukwa koleji iliyonse yolandira ndalama za boma zothandizira ophunzira iyenera kutsatira lamulo la Clery Act la mu 1990. Lamuloli linabwera chifukwa cha khama la makolo a Jeanne Clery, mtsikana amene anaphedwa m'chipinda chake chogona pa Lehigh University mu 1986.

Pakachitika umbanda woti wochitayo angathe kuubwereza, monga kuba moopseza kapena kugwiririra, koleji imatumiza chenjezo, kawirikawiri pa imelo, popanda kutchula dzina la wolakwiridwayo. Koma pakabuka ngozi yoopseza moyo nthawi yomweyo, monga moto kapena munthu wowombera anthu ndi mfuti, uthenga uyenera kutuluka mosazengereza, ndipo makoleji ambiri amautumiza pa mafoni komanso kuulengeza pa zokuzira mawu. Mbali yachiwiriyi inawonjezedwa mu 2008 potsatira zomwe zinachitika pa yunivesite ya Virginia Tech pa 16 Epulo 2007, pomwe anthu 32 anaphedwa powomberedwa ndi mfuti, ndipo imelo yoyamba inatuluka patatha pafupifupi maola awiri chiyambireni kuwomberako. Maola awiriwo amandiwawa mumtima ndikamawaganizira.

Chomwe ndikukupemphani n'chakuti mwana wanuyo akangopeza nambala ya foni ya kumeneko, akailembetse msanga ku koleji kuti azilandira mauthengawa, ndipo asamazimitse foni usiku. Inuyo muwerenge lipoti lomwe kolejiyo imatulutsa pofika pa 1 Okutobala chaka chilichonse, losonyeza milandu ya zaka zitatu zapitazo.