Makina oziziritsa m'nyumba akudontha ndipo khoma lachita nkhungu

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti makina oziziritsa m'chipinda chawo chogona akhala akudontha madzi, ndipo khoma la m'munsi mwake lachita nkhungu yakuda imene ikumabwereranso ngakhale aikweche ndi sopo. Akufunsa ngati kupaka penti watsopano kungathetse vutoli.

Mayi, pentiyo musagule kaye, chifukwa mukampaka pamwamba pa nkhungu adzasendeka pasanapite nthawi. Nkhungu imatha kuyamba kumera pamalo onyowa pakangodutsa maola 24 mpaka 48, choncho malinga ngati madziwo akudonthabe, kukwecha kwanu kuzingopita pachabe.

Makina oziziritsa amakhama chinyezi cha mu mpweya, ndipo madzi ake amagwera m'kathireyi ka m'kati n'kutuluka panja kudzera m'kapaipi kakang'ono. Kawirikawiri kapaipika ndi kamene kamatsekeka ndi fumbi ndi ndere, kathireyi n'kusefukira kukhoma. Nthawi zina sefa yakuda kwambiri kapena kuchepa kwa gasi kumachititsa kuti timapaipi ta m'kati tigwire ayisi, amene akasungunuka amachulukira kathireyi. Palinso makina amene anangoikidwa mopendekeka. Thimitsani makinawo pa switchi ya pakhoma, chotsani sefa, itsukeni ndi kuiyanika, kenako ibwezereni, yatsaninso makinawo ndipo mukaone panja ngati kapaipi kakutulutsa madzi. Za gasi zokha musiyire mmisiri wodziwa ntchito yake. Mmisiriyo mumuuzenso atsuke m'kati mwa makinawo, pakuti mukaunika ndi tochi pamene pamatulukira mphepo n'kuona timadontho takuda pa fani, ndiye kuti makinawo akumwaza nkhungu m'chipinda chonse nthawi iliyonse mukawayatsa.

Madzi akasiya kudontha, m'pamene mungalimbane ndi khoma. Bungwe la EPA, loona za chitetezo cha chilengedwe ku America, limalangiza kuti munthu akhoza kuchotsa yekha nkhungu ngati malo ake sakupitirira pafupifupi sikweya mita imodzi, ndipo ikaposa pamenepo ndi bwino kuitana akatswiri. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi masiki ya N95, ndipo kwechani khomalo ndi madzi a sopo, osati louma, kuti nkhunguyo isauluke. Ngati mukufuna kuthira bulichi, kapu imodzi ndi yokwanira m'malita 4 a madzi. Chonde musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi amoniya, chifukwa mpweya wotulukapo ndi wapoizoni, ndipo m'chipinda chotseka ukhoza kumukomola munthu.

Chimene anthu ambiri safuna kumva ndi chakuti zinthu zomwa madzi, monga kapeti, mabolodi a siling'i ndi makatoni, sizitsukika nkhungu ikalowerera m'kati, ndipo n'zoyenera kungozitaya. Sendezaninso wodilopu ndi bedi kuti muone kuseri kwake, pakuti nkhungu imakonda pobisika pamene mphepo siyenda.

Khomalo liumitseni ndi fani kwa masiku angapo musanapake penti, ndipo yesetsani kuti chinyezi cha m'chipinda chizikhala pansi pa 60 peresenti. Kachipangizo koyezera chinyezi kangakuthandizeni pamenepa. Ngati pakhomo panu pali wodwala mphumu, khanda kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka, ayambe wagona m'chipinda china mpaka ntchito yonse itatha, ndipo akayamba kutsokomola kapena kubanika, mupite naye kuchipatala.