Musamulande maikolofoni mwanayo

Achemwali ena andilembera imelo kuchokera ku Paisley. Kagulu kawo ka Amalawi ndi anzawo a konkuno ku Scotland kamavina ceilidh mwezi ndi mwezi muholo ya tchalitchi. Caller wawo, wouza ovina chochita, ndi agogo oti mawondo ayamba kukana, ndiye mtsikana wina anadzipereka kuti aphunzire. Tsiku lake loyamba anthu anasokonekera pa gule wotchedwa Dashing White Sergeant, agogo aja n'kumulanda maikolofoni gule ali mkati. Chichokere tsiku limenelo mtsikanayo sanapondenso muholomo. Funso lawo ndi lakuti: munthu wotere timuphunzitse bwanji, nanga titani kuti asangothera pomwe wayambira?

Achemwali, nditawerenga mawu oti "anamulanda maikolofoni" mtima unandipsa, moti ndinayamba ndaika foni pansi.

Kwa inu amene muli kumudzi ndipo simunauonepo, ceilidh ndi gule wachisangalalo wa kuno. Amavina pa maukwati, pa Burns Night pa 25 Januwale, pa St Andrew's Day pa 30 Novembala, ndi usiku wolowa chaka. Oimba amakhala ndi fiddle (vayolini), accordion ndi ng'oma. Kutsogolo kwawo kumaima caller, amene ntchito yake ndi kuuza ovina chochita: gwiranani manja, zungulirani kumanzere, bwererani, dutsani pansi. Ambiri mwa ovinawo sadziwa guleyo, ena alawako kale botolo, ena angokokedwa ndi akazi awo. Caller wabwino amawasandutsa ovina onsewa m'mphindi zitatu.

Ine ndinalowa m'zimenezi kudzera mwa mdala wina wa ku Fife, amene ankaitanira magule m'maholo a m'midzi ya kumeneko. Ankayenda ndi chitini chakale cha mabisiketi, chodzaza makadi. Khadi lililonse gule wake. Kutsogolo kwa khadi analemba mayendedwe a guleyo m'mawu ochepa kwambiri, ena atafufutidwa n'kulembedwanso kangapo. Kuseri analemba zimene zinachitika pomwe anamuitanira komaliza: "ana ambiri, anathamanga", "pansi poterera", "ndinalankhula kwambiri". Mdala wa imvi mbuu, woti wakhala pa ntchitoyi ine ndisanabadwe, koma ankalembabe kuti ndinalankhula kwambiri.

Anandiphunzitsa pondipatsa gule mmodzi basi, Gay Gordons, ndipo ankamuika wachiwiri pa ndandanda, anthu atatenthedwa kale koma asanatope. Ndikakwera kutsogolo iye ankapita kukakhala kumapeto kwa holo, pafupi ndi pamene amayi ankaphika tiyi. Zisokonekere, zisasokonekere, sankadzuka. Usiku wina theka la holo linatembenukira kwina, theka kwina, anthu n'kumagundana mapewa uku akuseka chikhakhali. Ndinamuyang'ana kuti mwina andipulumutsa. Iye anali kalikiliki kupaka batala pa sikono. Ndinaimitsa oimba ndekha, ndinaseka nawo anthuwo, tinayambiranso. Pobwerera m'galimoto anandiuza chinthu chimodzi chokha: mawu ako akufika mochedwa, ukunena zimene akuchita kale. Kenako anayatsa wailesi.

Caller wina ndinakumana naye patapita nthawi, pa ceilidh yosonkhetsa ndalama za sukulu ina ya kumudzi. Anali caller wodziwika m'dera lake, ndipo okonza mwambo anamupempha kuti andipatseko mpata, poti Mmalawi ndinalipo ndine. Ndili mkati mofotokoza Strip the Willow ndinangomva mpweya m'khosi, dzanja latulukira paphewa, maikolofoni yapita. Anauza anthu mwanthabwala kuti tiyeni tiwathandize anzathu a ku Africa. Anthu anaseka, ine ndinamwetulira, poti ukakhala mlendo umamwetulira. Koma ndinatsika pamenepo manyazi atandigwira mpaka m'mafupa, ndipo panapita miyezi ndisanagwirenso khadi. Chimene chimandiwawabe n'chakuti guleyo sanali atawonongeka. Mzere umodzi wokha ndi umene unachedwa, ndipo ukanadzipeza wokha.

Ndiye agogo anuwo, ndi ulemu wonse, analakwa. Sindikuti anachita mwankhanza. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kuonera gule amene umamukonda akuphwasuka iwe uli pompo. Koma pomulanda mwanayo maikolofoni anauza holo yonse kuti uyu musamumvere, mwini wake ndine. Ngakhale atabwerera mawa, akangokhosomola anthu azicheukira kwa agogo. Ndipo anamulanda phunziro lalikulu kuposa onse, loti gule akagwa umamudzutsa bwanji. Limeneli palibe angakuuze pakamwa. Uyenera kuima pamenepo thukuta lili kamukamu, anthu makumi asanu akukuyang'ana, n'kupeza wekha mawu oti, tiyeni tibwerere pamene tinayambira, wolakwa ndine.

Komanso ndifunse, ndani anamupatsa Dashing White Sergeant tsiku loyamba? Guleyu amafuna anthu atatu kuyang'anizana ndi atatu, ndiye usanayambe n'komwe uyenera kugawa holo yonse m'magulu a anthu 6, wina akufuna mkazi wake, wina wapita kuchimbudzi. Nyimbo yake ndi ya ma bar 32 (bar ndi kachigawo kakang'ono kowerengera nyimbo). Ma bar 8 oyamba ndi osavuta, bwalo kupita ndi kubwerera. Otsatira, wapakati avine ndi wa kumanja, kenako wa kumanzere. Ndiye pamabwera reel of three, pomwe anthu atatu amalukanalukana osagwirana, ndipo apa ndi pamene ngakhale eni dziko amasochera. Pomaliza apite kutsogolo, abwerere, adutse kukakumana ndi atatu ena. Gulu limodzi likachedwa, otsatira onse amaunjikana. Ameneyu si gule woyambira munthu. Gay Gordons ndi wa ma bar 16, awiriawiri, ndipo wina akasochera amangoonera amene ali patsogolo pake. Circassian Circle nayenso amakhululuka, onse ali m'bwalo limodzi akuonana.

Ena mundiuza kuti mwanayo apite kusukulu. Masukulu alipo ndithu. Bungwe la Royal Scottish Country Dance Society (RSCDS), lomwe anayambitsa Jean Milligan ndi Ysobel Stewart ku Glasgow mu 1923, lili ndi mayeso a aphunzitsi, ndipo chilimwe chilichonse limachititsa maphunziro ku St Andrews. Kumeneko amayang'ana mpaka kalozedwe ka chala cha phazi. Ku America ma caller a square dance ali ndi bungwe lawo, CALLERLAB, kuyambira m'ma 1970, lomwe linasanja mayendedwe a gule m'magawo kuti wovina wa ku Texas akafika ku Japan amve zomwezo. Zonsezi ndimazilemekeza, ndipo amene ali ndi ndalama ndi nthawi apite, sabwerako chimanjamanja. Koma gule wa RSCDS ndi wa anthu amene anabwera kudzaphunzira, ovala nsapato zofewa, omvera. Muholo yanu ya ku Paisley muli amayi ovala chitenje ndi nsapato zazitali, ana akuthamangira pakati pa miyendo, ndi bambo wina amene akuti iye amangodziwa kwasakwasa. Satifiketi sikuuza chonena kwa bambo ameneyo.

Ife Amalawi bwenzi tikuimvetsa msanga nkhaniyi. MC wa pa perekaniperekani amene amadziwa kudzutsa akuchikazi, kudziwa nthawi yoti nyimbo isinthe ndi nthawi yoti atseke pakamwa, anayamba n'kunyamula lichero pambali pa mkulu wina, tsiku lina n'kupatsidwa chigawo chimodzi chokha, cha anzake a mkwati.

Ndipo ndinene zimene ena sakonda kumva. M'magulu ambiri vuto si kusowa kwa achinyamata ofuna kuphunzira. Akuluakulu amadandaula pakamwa kuti palibe wotilowa m'malo, koma mtima sufuna kutsika kutsogoloko. Maikolofoni imakoma. Umati "kumanzere" anthu onse n'kupita kumanzere, kwinaku kuntchito palibe amakumvera. Caller amene wagwira zaka makumi awiri osatulutsa wophunzira ndi mmodzi yemwe ine sindimuwerengera ukatswiri, ngakhale atamadzaza holo bwanji. Ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene anasiya kalekale kuphunzira: nthabwala zomwezija, ndandanda yomweyija, kufotokoza kwa mphindi khumi anthu ataima miyendo ikuzizira. Akamati mwanayo apite patsogolo, iwowo anapita liti patsogolo komaliza?

Za nthawi ya mawu

Apa ndiye pagona luso lonse. Nyimbo za magulewa zimayenda m'zigawo za ma bar 8. Mawu a caller ayenera kutha chigawo chatsopano chisanayambe, kutanthauza kuti amalankhula pa bar ya 7 ndi ya 8 ya chigawo chimene chikutha. Akanena "bwererani" anthu atafika kale pobwerera, wachedwa, ndipo ovina amayamba kuthamangitsa nyimbo. Wophunzira aliyense amachedwa, chifukwa maso ake ali pa ovina ndipo amanena zimene akuona. Mankhwala ake ndi kukhitchini: ayatse nyimbo ya ceilidh pafoni, aziwerenga mpaka atamamva m'thupi pamene chigawo chikutembenuka, kenako aziitanira mapoto ndi mbale. Adzijambule mawu, amvetsere. Adzadabwa kuchuluka kwa "ndiye tsopano mukatero" amene alibe ntchito. Gule akazungulira kawiri katatu ayambe kuchepetsa mawu, atsale amodziamodzi, kenako akhale chete anthu amve fiddle. Kukhala chete kumeneku ophunzira amakuopa kwambiri, amaona ngati sakugwira ntchito.

Alankhulenso ndi oimba gule asanayambe. Agwirizane chizindikiro choti uku ndi kuzungulira komaliza, kaya kukweza chala, kaya kugwedeza mutu, ndipo achipereke nthawi ilipo, osati nyimbo ikuthera. Oimba akakukonda amakunyamula, ukachedwa amadikira mwanzeru anthu osazindikira.

Kanthu kena kakang'ono: pa maphwando athu amayi amachuluka kuposa abambo, ndiye amayi awiri amavina limodzi. Ukati "abambo kumanzere" onse awiri amangoyang'anana. Magulu ambiri a contra dance ku America anasintha n'kumati larks ndi robins m'malo moti abambo ndi amayi. Ine ndimangoti amene muli mkati mwa bwalo, amene muli kunja, ndipo zimayenda.

Tsono chochita, achemwali. Pitani kwa agogo inuyo panokha, musawayambire pa WhatsApp ya gulu. Muwauze kuti mwanayo anachita manyazi, ndipo woyenera kumuimbira foni ndi iwowo. Akakana, muimbireni inu. Akabwera apatsidwe gule mmodzi wosavuta, yemweyo miyezi ingapo mpaka amutope, kenako awiri, kenako theka la usiku. Iye ali kutsogolo, agogo akavine kapena akakhale kumbuyo kwenikweni, ndipo mugwirizane poyera kuti maikolofoni siisintha manja pokhapokha mwini atapempha. Zomuwongolera zibwere mwambo utatha, kumbali, chinthu chimodzi pa usiku umodzi, ndipo muyambe mwamufunsa iyeyo kuti waona bwanji, nthawi zambiri amakhala akudziwa kale. Mugulireni makadi. Azipita kukavina kwa ma caller ena ku Glasgow, kuli ma ceilidh pafupifupi sabata iliyonse, azikamvetsera mmene ena amafotokozera reel of three m'mawu asanu.

Ndipo musaphunzitse mmodzi yekha. Pezani wachiwiri ayambire limodzi, azijambulana ndi kusekana. Ana athuwa visa ikatha kapena ntchito ikapezeka ku Manchester amanyamuka, ndiye mudzandilemberanso imelo yomweyi.