Nyemba ndi bakiteriya kukhala ndi dzina lofanana, zoona?

Mayi wina wa ku Area 25 walemba kuti mwana wawo wa Fomu 3 wabalalika. M'buku la Biology nyemba ndi Phaseolus vulgaris, koma wapezanso bakiteriya wotchedwa Proteus vulgaris. Mayiwa akufunsa ngati bukulo lalakwitsa, komanso ngati kuloweza mayina oterewa kudzamudyetse mwanayo.

Mayi, bukulo lili bwino. Kuyambira pomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa njirayi, mu 1753 pa zomera ndi mu 1758 pa nyama, chamoyo chilichonse chimatchedwa ndi mawu awiri. Loyamba ndi la gulu, lachiwiri limangofotokoza, ndipo palokha silikuuzani kuti ndi chamoyo chiti. Vulgaris m'Chilatini ndi chinthu chopezeka paliponse, n'chifukwa chake nyemba, bakiteriya uja ndi mbalame ya ku Ulaya Sturnus vulgaris onse ali nalo popanda ubale uliwonse. Njovu ndi Loxodonta africana, mvunguti ndi Kigelia africana. Mpunga ndi Oryza sativa, chamba ndi Cannabis sativa, koma palibe wapolisi amene angakugwireni ndi thumba la Kilombero.

Nthawi zina ngakhale dzina loyambalo limafanana, poti zomera, nyama ndi mabakiteriya zili ndi malamulo osiyana operekera mayina. Morus ndi mtengo wa mabulosi, Morus yemweyonso ndi mbalame ya m'nyanja zamchere.

Mwanayo asiye kuloweza theka la dzina. Alembe onse awiri, loyamba liyambe ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono, kenako ajambule mzere kunsi kwa lililonse palokha. Ana ambiri amataya malikisi apa chabe, yankho akulidziwa.

Za kudyetsazo, kuloweza kokha sikulembetsa ntchito. Chimene amafuna ndi munthu wodziwa kusiyanitsa zamoyo. Wa mu labu pa chipatala cha Kamuzu Central akayeza mkodzo wa wodwala, ayenera kunena kuti wapeza Proteus kapena Escherichia coli, kuti dokotala asankhe mankhwala oyenera. Ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze amasunga mbewu za makolo zolembedwa mayina molondola, ndipo ku National Herbarium ku Zomba amasunga zitsanzo za zomera zolembedwanso mayina molondola. Njira zofikira ku ntchitozi ndi yunivesite ya za ulimi ya LUANAR ku Bunda, yunivesite ya za umoyo ya KUHeS, kapena Malawi College of Health Sciences kuno ku Lilongwe. Muuzeni alimbikire Chemistry, masamu ndi Chingerezi pa MSCE, chifukwa Biology payokha simufikitsa kumeneko.