Imelo imene munalandira pa maliro si ya malonda

Mayi ena a ku Luton andilembera sabata yatha. Ayamba bizinesi yophika pa maukwati, ndipo ali ndi maadilesi a imelo oposa 300 amene anasonkhanitsa pamene anali mlembi wa komiti ya maliro ndi ya ku tchalitchi. Akufunsa ngati angatumize mitengo yawo kwa anthu onsewo, poti ndi akwathu ndipo amadziwana.

Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi nkhani ya achimwene anga.

Achimwene anatisiya mwadzidzidzi kuno ku Leeds, ndipo aliyense amene anatumizapo thupi kumudzi akudziwa kuti ndalama zake sizichokera m'thumba limodzi. Anthu anasonkha. Panali komiti, panalinso pepala limene aliyense wopereka chipepeso ankalembapo dzina, nambala ya foni ndi imelo, kuti tidzamuuze tsiku limene bokosi lidzatsike pa Chileka komanso kuti tidzathokoze. Patapita miyezi inayi, ndili kuntchito, kunabwera imelo yochokera kwa bambo mmodzi wa m'komiti ija. Akuti ayamba kutumiza madiramu a katundu ku Lilongwe, fulumirani Khirisimasi isanafike. Anatiika tonse poyera pa CC, aliyense akuona adilesi ya mnzake. Ndipo pakati pa maina aja panali imelo ya malemu achimwene, chifukwa bambowo anangokopera kuchokera ku uthenga wakale osayang'ana.

Sindinawayankhe. Ndinakadzitsekera m'kachipinda kosinthira zovala mpaka misozi inauma. Bambowo si oipa mtima, anachezera nafe pa maliro mpaka mbandakucha. Koma anachita ngati munthu amene wabwereka khasu kuti akakumbire manda, kenako n'kupita nalo kukalimira munda wake.

Nanenso ndisadziyeretse. Pamene ndinkayamba kugulitsa zitenje ndinatolera makhadi a anthu pa chionetsero china, n'kuwalowetsa onse pa mndandanda wanga osawafunsa. Ambiri anadina kuti ndi spam, kutanthauza maimelo osafunika, ndipo kampani imene ndinkatumizira maimelo inandiimitsa kaye mpaka nditafotokoza kumene ndinatenga maadilesiwo. Ndinalibe chofotokoza. Manyazi ake!

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife timaganiza kuti kudziwana ndiye chilolezo. Ayi ndithu. N'chimodzimodzi ndi khalidwe lija longomuponya munthu m'gulu la WhatsApp, wadzuka m'mawa wapezeka ali m'gulu logulitsa mafuta odzola limodzi ndi apongozi ake, ndipo akatuluka anthu ayambe kumunena kuti ndi wonyada. Munthu wa kwathu sakana maso ndi maso, amangokhala chete n'kukuda mumtima. Ndiye mwina mwa anthu 300 anuwo palibe amene angadandaule poyera, koma ukwati wa mwana wawo adzapereka kwa wina.

Ndipo malamulo a kuno sali kumbali yanu. Ku UK nkhani ya maimelo otsatsa malonda ili m'malamulo a PECR a 2003, ndipo amene amayang'anira ndi ofesi ya ICO, yoona za kuteteza zinthu zokhudza anthu monga maina ndi maadilesi. Munthu wamba simungamutumizire malonda asanavomere. Tanthauzo la kuvomera limachokera ku GDPR, lamulo loteteza zinthu zokhudza anthu, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018: munthu avomere mwa kufuna kwake, akudziwa chimene akuvomera, ndiponso achitepo kanthu yekha. Kabokosi kovomerera ka pa intaneti kakakhala kochongeratu sikawerengedwa, khoti lalikulu la European Union linatero mu 2019 pa mlandu wa Planet49. Kukhala chete nakonso si kuvomera. Pali kampata kamodzi kamene amati soft opt-in: ngati munthu anagulapo kwa inu kapena anakambirana nanu zogula, mungamutumizire za malonda ofanana ndi omwewo, bola munamupatsa mwayi wokana pamene munkatenga adilesi yake komanso mu imelo iliyonse. Amene anapereka chipepeso sanagule mandasi kwa inu, ndiye kampata kameneka sikakukhudzani.

Ndikudziwa chimene mukuganiza tsopano: bwanji ndiwalembere kamodzi kokha kuwafunsa ngati akufuna? Makampani aakulu anagwera m'mbuna yomweyi. Mu 2017 ICO inalipiritsa kampani ya ndege ya Flybe chindapusa cha mapaundi 70,000 chifukwa chotumiza maimelo oposa 3.3 miliyoni ofunsa ngati zinthu zokhudza makasitomala zinali zolondola, kwa anthu amene anali atakana kale kulandira malonda. Honda nayo inalipira mapaundi 13,000 chifukwa cha maimelo 289,790 ofunsa anthu ngati akufuna kumalandira malonda. Imelo yopempha chilolezo cha malonda amaiwerengera ngati malonda omwewo. Abale athu a ku Joni zawo n'zosiyanako pang'ono, gawo 69 la lamulo lawo la POPIA limalola kufunsa kamodzi kokha munthu amene sanakanepo. A kumudzi nawo asamati izi n'za azungu, Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024 ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira.

Ndiye mutani?

Mndandanda wa komiti uja ubwezeni ku komiti, ndipo muuchotse mu kompyuta yanu. Yambani wanu kuchokera pa ziro. Pemphani abusa akupatseni mphindi ziwiri pa zolengeza, kapena ikani pepala pa tebulo lanu pa chinkhoswe, lolembedwa momveka kuti amene alembe apa azilandira mitengo ya zakudya kuchokera kwa inu, kangati pa mwezi. Ngati ndi pa intaneti, kabokosi kakhale kopanda kanthu achonge okha, ndipo ndi bwino kuwatumizira imelo yoti adine kutsimikiza kuti adilesiyo ndi yawodi. Sungani umboni: ndani, tsiku liti, kuti, ndi mawu enieni amene anawerenga, chifukwa lamulo limati inuyo ndi amene muyenera kusonyeza kuti anavomera. Imelo iliyonse ikhale ndi podina potulukira, ndipo wotuluka musamufunse chifukwa mukakumana naye ku tchalitchi. Adilesi yake muisunge pa mndandanda wa okana kuti isadzabwererenso mwangozi. Gmail ndi Yahoo kuyambira 2024 amafuna kuti otumiza maimelo ambiri azimuchotsa munthu pasanathe masiku awiri, inunso tengerani pomwepo. Za CC musayerekeze n'komwe.

Mwina mwezi woyamba mudzapeza anthu 25 okha. Ine ndilembeni nambala 26, bola pa mitengo yanuyo pakhale chambo ndi nkhwani wotendera.