Foni yatsopano siingagule mtima wa mwana wa zaka 15

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 15 wasiya kuwerenga, amangotsatira anzake, ndipo foni imene anamulonjeza akakhoza mayeso inathandiza teremu imodzi yokha. Funso lake: "Ndiwonjezere mphatso kapena ndiyambe kumulanga?"

Mayi, zonse ziwirizo ndi chingwe chimodzi, mukungosintha dzanja lokokera.

Mu 1973 akatswiri a maganizo a anthu, Lepper, Greene ndi Nisbett, anachita kafukufuku pa ana aang'ono okonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, atawasiyira zojambulira popanda mphotho, olonjezedwa aja ndiwo ankajambula mochepa. Chimene ankachikonda chinali chitasanduka ganyu, ndipo waganyu malipiro akatha amaika khasu pansi. Foni ija inachita zomwezo ndi mabuku.

Akatswiri ena, Edward Deci ndi Richard Ryan, amati munthu amalimbikira yekha akapeza zinthu zitatu: kudzisankhira zochita, kuona kuti akutha, ndi kukhala ndi anthu omuwerengera. Taonani gulu la anzakelo. Anawasankha yekha. Akanena nthabwala amaseka. Akasowa tsiku limodzi amamufunsa kuti unali kuti. Kunyumba amamva chiyani? "Wawerenga?" basi. Mwanayo sanapenge, akupita kumene akukhuta.

Ambiri pano amathamangira ku piramidi ya Maslow, yosanja zosowa za munthu kuyambira pansi pa zofunika kwambiri, yochokera mu pepala la katswiriyu la 1943, ngakhale mwiniwake sanajambule piramidi iliyonse. Ine sindiikhulupirira kwenikweni pa achinyamata. Imaika tulo ndi chitetezo pansi pa ubwenzi, koma mtsikana amachezera pafoni mpaka 2 koloko usiku kuopa kuti gulu lingakambirane iye kulibe.

Ndipo musamati sadziwa zoopsa. Amadziwa. Mu 2005 Gardner ndi Steinberg anapatsa anthu masewero a pakompyuta oyendetsa galimoto, pomwe umasankha kuima kapena kupitirira getsi likasanduka lachikasu. Achinyamata ankapitirira kwambiri anzawo akakhala pomwepo. Akuluakulu sankasintha kwenikweni. Mbali ya ubongo yakutsogolo, yogwira mabuleki, imakhwima mpaka cha m'ma 25, pomwe yofuna kutamandidwa imakhala itayaka kale. N'chifukwa chake ulaliki wa patebulo sugwira ntchito pakhomo la phwando. Kumuletsa anzakewo ndiye kuthira mafuta pamoto: Jack Brehm anafotokoza mu 1966 kuti munthu ukamulanda ufulu, cholandidwacho chimakoma koposa kale.

Ndiye muchite chiyani?

Foni musamulande, munalonjeza. Ingosiyani kugula magiredi. Malire ikani inu, mkati mwake asankhe iye: kuwerenga kulipo tsiku lililonse, koma nthawi ndi phunziro loyambira anene yekha. Ayambe ndi mphindi 25 pa phunziro limene amalithako. Poyamikira tchulani chenicheni: "Samu yachitatu ija unaibwereza mpaka inatheka." Anzakewo aitaneni kunyumba, muwadziwe maina.

Za kokacheza, konzani limodzi zimene Peter Gollwitzer amalimbikitsa, kugamuliratu kuti zikatere ndichita chakuti: "Akandipatsa mowa, ndinena kuti mawa ndili ndi zochita m'mawa." Mugwirizanenso liwu limodzi loti akakutumizirani pa meseji mukamutenge. Zimalakwika apa: mukamupanikiza ndi mafunso pobwerera usiku womwewo, liwulo sadzalitumizanso. Mafunsowo asungeni mpaka kutacha.