Mtedza wachita chikasu kumunsi kwa munda

Mayi, mwafunsa chifukwa chake CG7 wanu, mtundu wa mtedza uja, wapinimbira n'kuchita chikasu kumunsi kumene madzi amadikha, pomwe kumtunda akukula bwino, ndipo mukuganiza kuti anakugulitsani mbewu yosakaniza. Ine mbewuyo sindikuikayikira. Mizu ndiyo ikubanika.

N'zoona kuti kakulidwe ka muzu kamachokera m'majini, malangizo a chibadwa amene chomera chimatengera kwa makolo ake. Mtedza uli ndi ma chromosome 40, timaulusi tosunga majiniwo, ndipo unabadwa pamene zomera ziwiri zakutchire za ku South America, Arachis duranensis ndi Arachis ipaensis, zinakwatirana kalekale. Majiniwo ndiwo amalamula kuti muzu waukulu utsike pansi ndipo timizu tituluke m'mbali, mothandizidwa ndi mankhwala a m'chomera otchedwa auxin. Komatu mbewu yanu ndi imodzimodzi kumtunda ndi kumunsi, ndiye majini sanasinthe.

Chimene chasowa ndi mphamvu. Kunsonga kwa muzu maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga chomera, amagawikana usana ndi usiku. Muzu suona dzuwa, umadalira shuga wotsika kuchokera kumasamba, ndipo amene amasandutsa shugayo kukhala mphamvu ndi mitochondria, tinthu ting'onoting'ono tokhala m'selo iliyonse. Popanda mpweya wa okosijeni, timeneti sitigwira ntchito. Madzi akadzaza timipata tonse ta m'dothi, makamaka la makande, mpweya umatha, nsonga ya muzu imaleka kukula, pena imayamba kuola.

Kazuleni phesi limodzi kumtunda ndi lina kumunsi, mutsuke mizu. Muona timibulu tomata pamizu, mmene mumakhala mabakiteriya okoka mumpweya nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa masamba. Kang'ambeni kamodzi ndi chikhadabo. Kofiirira m'kati kakugwira ntchito, kotuwa kapena kobiriwira sikakugwira. Mabakiteriyawo nawonso amapuma, n'chifukwa chake chikasu chimayamba madzi akangokhalitsa.

Musathamangire feteleza, muzu wobanika sungamudye. Tsegulani kangalande madziwo achoke, ndipo chaka chamawa kwezani mizere kapena mubzalepo china pamalopo.

Chinthu chimodzi chokha muonetsetse: ngati masamba ndi aang'ono, opiringizika, amathothomathotho, ndipo zomera zodwala zili apa ndi apo ngakhale kumtunda, ameneyo akhoza kukhala kadukutu, matenda a mtedza ofalitsidwa ndi nsabwe. CG7 salimba kumatendawa monga umalimbira mtundu wina wa mtedza wotchedwa Nsinjiro. Zikakhala choncho aitaneni alangizi adzaone.